Nyimbo za ku Chileka Zimene Wailesi Inazipitirira

Dzina la Chileka likamveka, ambiri amangoganiza za bwalo la ndege. Ana asukulu amaloweza kuti pa 6 Julayi 1958 a Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pamenepo atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo namtindi wa anthu unakawachingamira. Mpaka mu 1983, pamene bwalo la ku Lumbadzi linayamba kugwira ntchito, alendo akuluakulu a dziko lino ankalowera ndi kutulukira pa Chileka. Mbiri imeneyo ndi yoona, koma ndi ya anthu odutsa. Eni nthaka, a kwa Singano, a pa Gadaga ndi a midzi ina ya kwa Kuntaja kuseri kwa phiri la Michiru, ndegezo ankangoziona m'mwamba khasu lili m'manja. Za amuna awo amene anapita ku Joni osabwerako, za amayi amene analera ana okha, za anyamata amene anataya khasu n'kugwira gitala, mabuku a sukulu sanenapo kanthu. Zimenezo zinasungika m'nyimbo, ndipo mfundo yanga ndi yakuti zinasungika kwambiri m'nyimbo zimene sizinatchuke kuposa m'zija dziko lonse limaziimba. Komanso nyimbo yotere ikamapatsiridwa kwa wina popanda nkhani ya amene akuikumbukira imafika yoperewera, chifukwa mbali ina ya mbiri yake ili m'mutu mwa munthuyo.

Tiyambire pa banja la a Kachamba, poti umboni wake ndi wochuluka. A Daniel Kachamba anabadwa mu 1947, ndipo ali mnyamata banja lawo linakakhala ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, monga ankachitira anthu ambirimbiri a kuno nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kumeneko iwo ndi mng'ono wawo, a Donald, anakumana ndi kwela, nyimbo za chitoliro zochokera m'makomboni a Johannesburg, zimene anthu ngati Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso anazitchukitsa m'zaka za m'ma 1950. Atabwerera kuno kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 anakhazikika kwa Singano, n'kumapita m'tauni kukaimba m'misewu, anthu odutsa n'kumawaponyera timakobiri. Mu 1967 katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, a Gerhard Kubik, anawapeza ku Blantyre, anayamba kuwajambula, ndipo mu 1974 anatulutsa buku lathunthu lonena za gulu la abale awiriwa. A Daniel anamwalira mu 1987. Lero munthu wamba akafunsidwa nyimbo za a Kachamba amatchula ziwiri kapena zitatu zimene wailesi inkabwereza, pamene zimene anapeka ndi kujambulitsa n'zochuluka kutalitali. Zotsalazo zili m'makaseti akale, m'nyumba zosungira zinthu zakale kunja kwa dziko, ndi m'mitu mwa anthu okalamba amene anavina nawo.

Zoimbira zokha za nthawi imeneyo zimanena kumene anthu a dera lino ankayenda. Chitoliro chinali chachitsulo, cha mabowo 6, chogula m'sitolo, koma anyamata a kwela sankachiimba monga anafunira amene anachipanga. Ankachilowetsa mkamwa mozama, mochipendeketsa cha kutsaya, kuti liwu lituluke lonenepa ndi lokhoza kupindika, ngati saksofoni imene analibe ndalama yoigulira. Babatoni inali bokosi lamatabwa lopakiramo tiyi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Woimba ankakoka ndodoyo kapena kuifewetsa kuti liwu likwere kapena litsike, dzanja linalo likukhwekhweretsa chingwe. Gitala ambiri ankaichotsa nsambo imodzi kuti zitsale zisanu, ndipo ena ankaigoneka pamiyendo n'kumayendetsa botolo pansambo, maimbidwe amene ankatchedwa hauyani. Onani tsono zimene zakumana pabwalo limodzi la kumudzi: chitoliro cha ku Joni, bokosi la tiyi amene anthu athu ankathyola ku Thyolo ndi ku Mulanje, lumba ya ku Congo, sinjonjo ya kummwera. Zonsezi zinabwera ndi anthu oyenda kukafuna ntchito. Wenela inkanyamula amuna pa ndege kupita nawo ku migodi ya golide, ndipo mu Epulo 1974 ndege yake imene inkabwera ndi anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70. Boma la a Banda linaimitsa ulendo wa ku migodi pa chifukwa chimenecho. Buku la mbiri limatha kulemba chiwerengero cha akufawo, koma mmene mtima wa mkazi wa mtchona unkawawira, mmene wobwerako ankanyadira ndi jekete ndi wailesi yake, ndi mmene amene sanapiteko ankamunyogodolera, zili m'nyimbo za anyamata a banjo ndi gitala amene mayina awo sanalembedwe pa chikuto cha mbale iliyonse.

Wina anganene kuti nyimbo ikaiwalika ndiye kuti inali yosakoma, ndipo anthu anasankha okha zimene ankafuna kusunga. Maganizo amenewa akanakhala oona zikanakhala kuti nyimbo zonse zinkapatsidwa mwayi wofanana, koma sizinali choncho. Kuyambira mu 1964 mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, dziko lonse linkamvera wailesi imodzi ya kuno, MBC. Malo ojambulira anali ochepa kwambiri, ndipo oimba ambiri ankadalira situdiyo ya wailesiyo. Mu 1968 kunabwera lamulo lounika mabuku, makanema ndi nyimbo, ndipo woimba aliyense ankadziwa kuti mawu olakwika akhoza kumuika m'mavuto. Nyimbo yotchuka inali imene yadutsa pakhomo lopapatiza limeneli: yopezeka pamene makina ojambulira analipo, yosakwiyitsa akuluakulu, ya utali wokwanira pulogalamu, yokondedwa ndi muulutsi wa tsikulo. Tisaiwale kuti wailesiyo inachitanso ntchito yaikulu potuma antchito ake m'maboma kukajambula magule ndi oimba akumudzi, ndipo popanda iyo zambiri zikanatayika. Komabe nyimbo yodandaula za msonkho, za kugula khadi mokakamizidwa kapena za mfumu yokondera pogawa malo inkaimbidwa pamowa kapena kudimba, n'kuthera pomwepo. Kusatchuka kwa nyimbo zoterezi sikunena kanthu za kukoma kwake. Nthawi zina kumangosonyeza kuti zinkanena zoona mosapsatira, ndipo n'chifukwa chake wofufuza mbiri ya dera ayenera kuzifuna kuposa zija zinaloledwa.

Apa ndi pamene nkhani ya amayi imandikhudza kwambiri. Mayina onse otchuka a ku Chileka ndi a amuna, pamene opeka nyimbo ochuluka m'mudzi uliwonse anali akazi. Pamtondo, amayi awiri kapena atatu akusinja chimanga, misi ikutsikira mumtondo mosinthana, mmodzi ankayambitsa nyimbo yodandaula za mwamuna woledzera, za apongozi ovuta, za mkazi mnzake wa pamitala, enawo n'kumavomera. Mawu ake ankakhala a tsiku lomwelo ndi a mudzi womwewo, ndipo wonenedwayo ankamva ali pakhonde koma osatha kuyankha, poti ndi nyimbo. Chigayo chitafika paliponse, mtondo unachepa ntchito ndipo nyimbozo zinasowa pokhala. Palibe anaziletsa, ndipo palibe anazikana kuti n'zoipa. Ntchito imene inkazinyamula ndi imene inasintha. Ndani angauze agogo amene akukumbukirabe nyimbo ya pamtondo ya amayi awo kuti inaiwalika chifukwa inalephera mpikisano? Mpikisanowo sinalowemo n'komwe.

Chotsutsa china chimachokera kwa okonda chikhalidwe, amene amati kwela, lumba ndi rege ndi zobwera, ndipo mbiri yeniyeni ya dera ili m'magule a makolo basi. Ndikuvomera kuti magule a makolo ndi muzu, koma kukana zobwerazi ndi kukana zimene zinachitikadi. Anthu a ku Chileka anapitadi ku Salisbury ndi ku Johannesburg, ndipo anabwerako atasintha. Chimene anabwera nacho sanachisunge momwe anachipezera: anachiveka Chichewa, anachiika pa kavinidwe ka kuno, n'kuimbiramo nkhani za kwawo. Umboni wake ndi wakuti ku South Africa komweko kwela inazilala m'zaka za m'ma 1960, pamene kwa Singano inapitirira kwa zaka zina zambiri, mpaka a Donald Kachamba anaitanidwa kukaiphunzitsa ku yunivesite ya UCLA ku America mu 1999. Babatoni imene inayamba ngati njira ya mwana wosauka yopezera besi lero ikuimbidwa m'maiko a ku Ulaya ndi a Madalitso Band a ku Lilongwe ndi a Gasper Nali a ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko imadziwika ngati choimbira cha ku Malawi. Ngati chinthu chakhala m'manja mwa anthu mibadwo itatu, iwo n'kuchisintha mpaka eni ake oyamba osachizindikira, kuchitchabe chachilendo n'kusafuna kuona.

Tsono tibwere pa zokumbukira. Kujambula nyimbo kumasunga mawu ndi kalongosoledwe ka zoimbira, koma sikusunga chifukwa chimene anthu ankasekera pa mzere wakutiwakuti. Nyimbo zambiri za kumudzi zimatchula munthu ndi dzina, kapena malo, kapena chochitika chimene aliyense pa nthawiyo ankachidziwa. Zaka 50 zikapita, mlendo womvetsera amangomva dzina la mkazi kapena la mtsinje, osadziwa kuti mkaziyo anali ndani ndipo anachita chiyani. Amene angamasule ndi uja analipo. Nyimbo yakale ikalira pakati pa okalamba, pamaliro kapena paukwati, simatha yokha: wina amati inkaimbidwa chaka cha njala, wina amakumbukira nyumba ya mowa imene inkamvekera, wina amatchula amene ankaimba babatoni ndi kumene anathera. M'mphindi zochepa mudzi umene kulibenso, ndi mitengo yake ndi njira zake, umafotokozedwa wonse. Anthu amene anamvetsa bwino zimenezi anali a komweko. A Moya Aliya Malamusi, mwana wa ku Chileka amene ankaimba ndi a Donald Kachamba, anayambitsa kwa Singano ntchito yotolera nthano, miyambi ndi nyimbo, yotchedwa Oral Literature Research Programme. Iwo ndi mlongo wawo malemu a Lidiya Malamusi ndi a Donald anathandizana ndi a Kubik kulemba buku la nyimbo za ku Malawi limene linatuluka ku Zomba mu 1987. Njira yawo inali yolemba dzina la woimba, mudzi, tsiku ndi zimene woimbayo ananena za nyimbo yake, ndipo n'chifukwa chake zimene anatolera zikugwirabe ntchito ngati umboni.

Pali amene sakhulupirira zokumbukira za anthu. Amati munthu akakalamba amasokoneza zaka, amakometsera ubwana wake, ndipo aliyense amafuna kuoneka kuti anali pafupi ndi woimba wotchuka. N'zoona, ndipo wolemba mbiri wanzeru sangatenge mawu a munthu mmodzi ngati chilungamo chonse. Koma nyimbo imathandiza pa vuto lomweli kuposa kufunsa mafunso wamba. Mawu omangidwa pa nyimbo sasintha msanga ngati nkhani yongokamba, chifukwa ukachotsapo liwu limodzi kayendedwe kake kamasokonekera ndipo anzako amakudzudzula. Komanso kukumbukira nyimbo kumachitika pagulu, pamene wokokomeza amatsutsidwa pomwepo ndi amene analiponso. Ndipo zolembedwa zimene timazidalira zili ndi kukondera kwakenso. Mafayilo a bwanamkubwa wa boma la atsamunda amanena za msonkho, milandu ndi chiwerengero cha amuna otumizidwa kuntchito, poti ndi zimene ankafuna kudziwa. Akaikidwa pamodzi ndi nyimbo ndi zokumbukira za anthu, china chimakonza chinzake. Kutaya zokumbukira chifukwa zimalakwitsa nthawi zina n'kusankha kuti dera lifotokozedwe ndi okhometsa msonkho okha.

Chaka cha 2001 chimaonetsa bwino mmene kutchuka kumasankhira zoti zikumbukiridwe. Mu Januwale chaka chimenecho anamwalira a Donald Kachamba, munthu amene anaimba kwela ya ku Chileka m'maiko ambiri, ndipo imfa yawo sinagwedeze dziko. Pa 27 Novembala chaka chomwecho anamwalira a Evison Matafale, a dera lomwelo, ali m'manja mwa apolisi atamangidwa pa nkhani ya kalata yodzudzula boma, ndipo dziko lonse linatekeseka. A Matafale anasiya zimbale ziwiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, ndipo gulu lawo la Black Missionaries, motsogozedwa ndi ana a banja la a Fumulani, linapitiriza mndandanda umenewo. Chaka ndi chaka anthu zikwizikwi amakhamukira ku Chileka kuchikumbutso chawo, chimene chimakumbukiranso a Musamude Fumulani amene anamwalira mu 2007 ndi a Gift Fumulani amene anatsatira mu 2008. Sindikuchepetsa chikumbutsochi, chimasonyeza kuti nyimbo imakhala ndi moyo pamene anthu akusonkhana chifukwa cha iyo. Koma mnyamata wovina rege pabwalo limenelo kawirikawiri sadziwa nyimbo za a Robert Fumulani, bambo wa oimba amene akumusangalatsawo, amene ankatsogolera Likhubula River Jazz Band, gulu lotenga dzina la mtsinje wa komweko. Sadziwanso kuti dera lomwelo linali likulu la kwela. Amaona ngati Chileka inayamba kuimba ndi rege, pamene rege inapeza mabanja ozolowera kale gitala, oimba kale za umphawi ndi imfa, odziwa kale kubisa mawu owawa mkati mwa nyimbo yovinika. Chimene chimalumikiza mibadwo imeneyi chili m'nyimbo zija sizimveka pachikumbutso.

Nkhani yowawa ndi ya kumene zojambulidwazo zili. A Hugh Tracey anajambula oimba a Nyasaland mu 1950 ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo zimenezo zimasungidwa ku International Library of African Music, ku yunivesite ya Rhodes mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Zambiri za a Kubik zili ku Phonogrammarchiv ya ku Vienna, ndipo mbale za oimba a kummwera kwa Malawi zotchedwa Opeka Nyimbo zinatulutsidwa ku Berlin mu 1989. Ena amakwiya nazo n'kumati azungu anatibera. Ine ndikuona kuti popanda matepi amenewo mawu a anthu ambiri akanapita nawo kumanda, chifukwa kuno chiswe, chinyontho ndi kusowa ndalama zawononga zambiri. Vuto lenileni ndi lakuti tepi ili kutali ndi anthu amene angaimasulire. Ku Vienna kuli mawu a woimba, kwa Singano kuli mdzukulu wake ndi mnzake wa paubwana, ndipo mbali ziwirizi sizikumana kawirikawiri. Nyimbo yojambulidwa mu 1967 ikabwezedwa kumudzi n'kuimbidwa pamaso pa anthu, ndi pamene imayamba kutulutsa mayina ndi nkhani zimene wojambula sakanatha kuzifunsa, poti sankadziwa kuti zilipo.

Masiku ano kupatsirana nyimbo n'kosavuta kuposa kale lonse. M'zaka za m'ma 1990 munthu ankagula kaseti kwa O.G. Issa ku Limbe kapena kukopera kwa mnzake, tepi ikatafunidwa n'kuikulunga ndi cholembera. Lero anyamata a m'misika amadzaza memori khadi ndi nyimbo mazanamazana pa ndalama yochepa, ndipo Amalawi a ku Johannesburg kapena ku Britain amatumizirana zakale pa WhatsApp ndi pa Facebook. Izi zapulumutsa nyimbo zambiri zimene zikanathera m'makaseti ochita nkhungu, ndipo ndi bwino kuti zikuchitika. Koma taonani mmene zimafikira: pafoni pamangolembedwa nambala, kapena mawu akuti nyimbo yakale, popanda dzina la woimba, chaka kapena malo. Ina imapatsidwa dzina la a Kachamba kapena la a Allan Namoko a ku Thyolo chabe chifukwa ndi mayina odziwika, mwini wake weniweni n'kufufutika kachiwiri. Pamenepa pali dandaulo loyenera la mabanja a oimba, lakuti nyimbo za makolo awo zikuyenda dziko lonse iwo osapezapo kanthu. Bungwe la COSOMA, limene linayamba mu 1992, lilipo kuti litolere ndalama za eni nyimbo, koma silingalipire banja la munthu amene dzina lake latayika. Choncho kufuna dzina ndi nkhani ya nyimbo kumathandiza wolemba mbiri ndi mwana wamasiye wa woimba nthawi imodzi, ndipo kuletsa kupatsirana sikungathandize aliyense wa awiriwa, chifukwa nyimbo yosamveka ilibe woifunsira mwini.

Ntchito imene ikufunika si yodula. Mphunzitsi wa sekondale ya ku Chileka akhoza kutuma ophunzira ake kwa agogo awo ndi foni, kuti akawaimbitse nyimbo yakale n'kujambula zimene anene ikatha. Wailesi za m'madera, zimene tsopano zilipo zambiri, zikhoza kuulutsa nyimbo yosadziwika mwini n'kupempha omvera kuti anene amene anaipeka ndi kumene anaimvera koyamba. Amene ali ndi mwayi wofika ku Makhanda kapena ku Vienna akhoza kupempha makope a zojambulidwa za kwawo, ndipo nyumba zosungira zimenezi zakhala zikubweza zoterezi kwa eni ake m'maiko ena. Chofulumiza n'chakuti mboni zikutha. Mnyamata amene anali ndi zaka 14 pamene a Kubik ankajambula abale a Kachamba mu 1967 wapitirira kale zaka 70, ndipo amayi amene anasinja pamtondo chigayo chisanafike ndi achikulire kuposa pamenepo.